Sayilensa yabooka, ndiike paipi ya mainchesi 3 pa pikapu kapena ndibwezere saizi yake?

Pikapu_yaNtchito:
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi pikapu ya dizilo, double cab, injini ya 3.0 ya turbo masilinda anayi, ya 2012. Sayilensa yake yadyeka ndi dzimbiri mpaka yabooka kunsi, ndipo paipi yakumbuyo ija nayonso yatsala pang'ono kuduka pomwe imakwera pamwamba pa ekiselo paja. Nde poti ndikusintha kale ndimaganiza zongochotsa ekizozi yonse kuyambira pa turbo mpaka kumchira ndiike ya mainchesi 3. Galimotoyi ndimanyamulira katundu wolemera, pena ndimakoka thirela, ndipo pa chitunda imamveka ngati ikubanika. Mnzanga wina akuti ndikaika paipi yaikulu yopanda sayilensa mphamvu iwonjezekera kwambiri ndipo mafuta izidya pang'ono, wina akuti ayi injini imafuna back pressure, kupanikizika kwa utsi mu paipi, ukaichotsa mavavu amapsa. Akunena zoona ndani apa? Ndithandizeni ndisanaononge galimoto yomwe ikundidyetsa.

Turbo_Fulu:
Aise ikani straight pipe basi musaganize kawiri. Yanga ndinachotsa zonse, sayilensa, cat (kachigubu kochepetsa poizoni wa mu utsi), zonse, turbo imaimba likhweru bwinobwino ndipo ukaponda imangonyamuka. Za back pressure zo ndi nkhani zakale

Madala_Makaniko:
Achimwene eni funso, tiyeni tiyambe ndi nkhani ya back pressure yo chifukwa imasokoneza anthu ambiri. Palibe injini yomwe imafuna kuti utsi uzikanika kutuluka. Pisitoni ikamakwera kukankha utsi kunja, kukakhala kopanikizika kutsogoloko imaononga mphamvu yomwe ikanapita ku matayala. Chomwe injini yopanda turbo imafuna ndi liwiro la utsi mu paipi. Utsi sutuluka mosalekeza ayi, umatuluka modukizadukiza, silinda iliyonse ikatsegula vavu, ndipo gawo lililonse likamathamanga limasiya kumbuyo kwake malo okoka omwe amathandiza kuyamwa utsi wa silinda yotsatira. Paipi ikakulitsa liwiro lija limatsika, monga madzi a mu ngalande yopapatiza amathamanga koma akafika pa dambo amangoyenda mwaulesi. Nde munthu wa pikapu ya petulo yopanda turbo, tinene ngati Hilux ya 2.7 ija ya 2TR-FE, akaika paipi yaikulu mopyola muyezo amaona kuti ponyamuka galimoto yafooka, kenako nkumati ndataya back pressure, pomwe chomwe wataya ndi liwiro.

Koma yanuyo ndi ya turbo nde nkhani yake ndi ina. Utsi ukangodutsa mu turbo kudukiza kuja kwatha kale, chomwe chatsala ndi chakuti turbo imazungulira chifukwa cha kusiyana kwa mphamvu ya mpweya kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake. Kumbuyo kukapepuka turbo imadzuka msanga ndipo kutentha kwa utsi kumatsikako. Apa mnzanu woyambayo ali ndi mfundo, koma wawonjezera mchere. Pa injini yomwe kompyuta yake simunaikhudze mphamvu yowonjezekera ndi yochepa, chomwe mungamve ndi kuyankha msanga mukaponda, makamaka ma rev akadali pansi. Mafuta omwe akulowa mu silinda ndi omwe aja, kompyuta ndi yomwe ikulamula.

Pikapu_yaNtchito:
Zikomo madala, izi zamveka. Nde mainchesi 3 ali bwino kapena ndi yaikulu kwambiri? Yomwe ilipo ndayeza ndi tepi ikukhala ngati 2.5

Madala_Makaniko:
Mainchesi 2.5 ndi mamilimita 63.5, mainchesi 3 ndi mamilimita 76.2. Pa maso kusiyanaku kumaoneka kochepa koma malo odutsa utsi mkatimo amakula ndi 44 peresenti, chifukwa timawerengera bwalo lonse osati mulifupi mokha. Pa 3.0 ya turbo yokoka thirela mainchesi 3 si vuto. Koma ine ndimauza anthu kuti saizi si chinthu choyamba, choyamba ndi mapindidwe. Funsani owotcherera pagulu pano akuuzani.

Wowotcherera_TIG:
Eya madala mwandiitana ndabwera. Akulu mvetserani, pali kupinda kwa mitundu iwiri. Kwina makina amangoikanikiza paipi mpaka ipindike, pa khona paja imaphwanyika nkukhala yopapatiza ndi makwinya mkati. Kwina ndi komwe amati mandrel bend, amalowetsa chitsulo mkati mwa paipi popinda nde bowo limakhala saizi imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Paipi ya mainchesi 3 yophwanyika pa makhona anayi asanu ikhoza kupuma mofanana ndi ya 2.5 yopindidwa bwino, nde mwangonyamula chitsulo cholemera pachabe. Ndipo pa pikapu makhona ndi ambiri, potsika kuchokera pa turbo, podutsa pa crossmember, pokwera pa ekiselo, pozemba tayala la sipeya.

Kenako chitsulo chake. Pali mild steel wamba, ameneyu amachita dzimbiri msanga. Pali aluminized, ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu, chimalimbako koma pomwe mwawotcherera chokutira chija chimapsa nde dzimbiri limayambira pompo. Pali stainless 409 yomwe makampani ambiri amaika kufakitale, ili ndi chromium pafupifupi 11 peresenti, imafiira pamwamba koma sibooka msanga. Pali 304 yomwe ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, imeneyi nde yolimba ku dzimbiri kuposa zonsezi. Pokagula tengani maginito, pa 409 amamata, pa 304 samata kapena amangogwira pang'ono pomwe yapindidwa. Ndipo wowotchererayo mumufunse akugwiritsa waya wanji, 304 ndi 304 imafuna 308L, mukalumikiza stainless ndi chitsulo wamba nde 309L. Akangotenga ndodo wamba paipi yonse ikhala yowala koma mzere wowotcherera uja nde udzadyeka nkuduka.

Dalaivala_Usiku:
Ine ndingofunsako, nchifukwa chani sayilensa imabooka kunsi nthawi zonse? Yanganso inayambira kunsi komweko

Wowotcherera_TIG:
Ndi madzi amwene, ndipo amachokera mkati osati kunja kokha. Lita imodzi ya mafuta ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso ngati nthunzi. Mukayenda ulendo wautali ekizozi yonse imatentha nthunzi ija nkutuluka, koma mukamangoyenda timaulendo tatifupi sayilensa sitentha mokwanira, nthunzi imasanduka madzi nkudikha pansi pake osakanikirana ndi asidi wa mu utsi. Nchifukwa chake masayilensa ena amabwera ndi kabowo kakang'ono kunsi, musamakatseke kameneko.

Mayi_waDoubleCab:
Abale ndalowa mochedwa koma pali chinthu chomwe palibe wanena ndipo kwa ine nde chachikulu kuposa mphamvu. Achimwene, kumbuyo kwa pikapu yanuyo mumakwezako anthu? Pali kanope? Chifukwa anyamata ambiri akamaika paipi yaikulu imawavuta kuikweza pamwamba pa ekiselo nde amangoidulira pansi pa bodi nkuipinda kuyang'ana pansi basi. Izi nzoopsa. Galimoto ikamayenda kumbuyo kwake kumakhala mpweya wozungulira womwe umakokera utsi kubwerera, umalowa pa tailgate, mmabowo a pansi, mpaka mu kanope. Mu utsimo muli carbon monoxide, alibe fungo alibe mtundu, munthu amangomva mutu kenako tulo, ndipo ana amagwidwa msanga kuposa akulu. Inu kutsogolo mumangoona ngati agona chifukwa chotopa ndi ulendo. Dizilo imatulutsa wochepa poyerekeza ndi petulo koma si ziro, ndipo mukachotsa cat monga akunenera achimwene a straight pipe wo mwachotsa chinthu chomwe chimamuchepetsa. Chonde paipi ifike kunja kwa bodi, kumbuyo kwenikweni kapena mmbali kuseri kwa tayala lakumbuyo, ndipo sayilensa yobookayo musamayende nayo anthu ali kumbuyo olo tsiku limodzi.

Pikapu_yaNtchito:
Mayi mwandikhudza. Kanope ilipo ndipo anyamata ogwira nawo ntchito amakwera konko tikamapita kukatsitsa katundu. Paipi ifika kunja ndithu, zodulira pansizo ayi.

Turbo_Fulu:
Zakanope zo mayi mukunena zoona sindikutsutsa, yanga imatulukira mmbali. Koma za cat ndi DPF ine ndiima pomwepo, zinthu zimenezi zimangotsamwitsa injini. DPF ikatsekeka galimoto imalowa limp mode, kompyuta nkuchepetsa mphamvu, pakati pa msewu nde munthu utani?? anthu ambiri amangochotsa nkupanga remap, kusintha pulogalamu ya kompyuta, nkhani nkutha

Madala_Makaniko:
Mwana wanga funso loti munthu utani ndi labwino, koma tiyambe tafunsa kuti yatsekeka chifukwa chani. DPF ndi sefa yogwira mwaye. Ikadzadza kompyuta imawonjezera mafuta kuti utsi utenthe kufika madigiri pafupifupi 600, mwaye uja nkupsa, ndi yomwe amati regen. Kuti izi zitheke galimoto imafunika kuyenda kwa kanthawi osaimaima, injini itatentha. Munthu woyenda mtunda waufupi tsiku ndi tsiku nkumazimitsa injini regen ili pakati, yake itsekeka basi. Zina zomwe zimaitseka ndi ma injector odontha, EGR (vavu yobweza utsi wina mu injini) yomata ndi mwaye, paipi ya intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) yong'ambika, themositati yosatseka yomwe imapangitsa injini kukhala yozizira, ndi oilo wolakwika, injini za DPF zimafuna oilo wa phulusa lochepa yemwe amalembedwa low SAPS. Nde ukachotsa DPF osakonza injector yodonthayo wangochotsa chomwe chimakuchenjeza, vuto lili pompo ndipo tsiku lina lidzaboola pisitoni. Makina oyezera galimoto akaonetsa khodi ya P2463 ndekuti mwaye wachuluka, P2002 ndekuti sefayo sikugwira bwino ntchito, zonsezi zimafufuzika.

Ndipo utsi wakuda bii uja si chizindikiro cha mphamvu, ndi dizilo yomwe sinapse. Mu 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika utsi wa dizilo mgulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Amaupuma ndi woyenda pansi mmbali mwa msewu, wa njinga kumbuyo kwako, ndi iwe mwini ukamalongeza katundu injini ikulira. Ine ndakalamba mu utsi umenewu nde ndikamaona mnyamata akuchotsa sefa dala zimandipweteka mtima.

Inshulansi_Sisi:
Ndiwonjezerepo za malamulo, aliyense aone a dziko lomwe ali chifukwa amasiyana. Ku UK kuyambira 2014 galimoto yomwe inabwera ndi DPF nkuichotsa imalephera MOT, kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka. Ku America lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsa kapena kusokoneza zipangizo zochepetsa utsi pa galimoto yoyenda pa msewu. Maiko ambiri alinso ndi malire a phokoso. Komanso werengani pepala lanu la inshulansi, ambiri amafuna muwauze mukasintha chilichonse pa galimoto, mukabisa tsiku la ngozi akhoza kupeza pothawira. Galimoto ikakhala idakali pa warranty funsani kaye musanadule kanthu.

Pikapu_yaNtchito:
Ndagona pansi pake ndaunika ndi tochi. Kuseri kwa turbo kuli kachigubu kamodzi kakang'ono basi kenako flex, kapaipi kofewa kopindika kaja, kenako sayilensa. Palibe timapaipi tating'ono kapena mawaya ambiri. Imeneyi ndi DPF kapena cat?

Madala_Makaniko:
Mmene mwafotokozeramu ikuoneka kuti ndi cat chabe. DPF imakhala yaikuluko ndipo imakhala ndi timapaipi tiwiri topita ku sensa yoyeza kupanikizika kutsogolo ndi kumbuyo kwake, kuphatikiza masensa a kutentha. Ma pikapu a zaka zimenezo ena anabwera nayo ena ayi kutengera msika womwe anapangira, atsopanowa monga Hilux ya 2.8 ya 1GD-FTV yomwe inayamba 2015 nde mmaiko ambiri ali nayo. Cat yanuyo isiyeni, kapena ngati yatsekeka ikani ina ya high flow ya saizi ya paipi yatsopanoyo. Mkati mwake muli zisa zokutidwa ndi platinum ndi palladium, za petulo zimakhalanso ndi rhodium, nchifukwa chake akuba amaidula usiku. Yabwinobwino sitsamwitsa injini mmene anthu amanenera.

Dalaivala_Usiku:
Ine ndikambeko za phokoso poti ndimakhala pa chiwongolero maola ambiri. Ndinakwerapo pikapu ya mnzanga ya straight pipe ulendo wautali, kunja imamveka bwino shuwa koma mkati pa liwiro lokhazikika muja mumakhala kulira kwina kwa pansipansi wuuuu kosalekeza komwe kumalowa mmutu mpaka mano, wailesi osamveka, kuyankhulana mpaka kukuwa, pofika munthu mutu ukuwawa ngati wadwala. Amati drone. Munthu wongozungulira mtauni sangadziwe zimenezi koma inu okoka thirela pa ma rev amodzimodzi kwa maola mudzatopa nayo sabata isanathe

Wowotcherera_TIG:
Drone ili ndi masamu ake. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa kawiri pa kuzungulira kumodzi, nde pa 2000 rpm, kuzungulira ka 2000 pa mineti, ndi ka 4000 pa mineti, pafupifupi ka 67 pa sekondi. Kulira kotsika chonchi kumadutsa mu chitsulo mosavuta nkugwirizana ndi kebini yonse, ndipo 2000 yo ndi pomwe ma pikapu ambiri a dizilo amakhala pa msewu waukulu. Ranger ya 3.2 ili ndi masilinda asanu nde pa ma rev omwewo ndi ka 83 pa sekondi, nchifukwa chake kulira kwake nkosiyana. Mankhwala ake ndi sayilensa ya straight through, mkati muli paipi yobooledwa timabowo tambirimbiri yozunguliridwa ndi zofewa zoyamwa phokoso, utsi umadutsa molunjika osakhota. Mukaiyang'ana mbali imodzi mumaona kuwala mbali inayo. Tengani yaitali, ndipo ngati malo alipo ikaninso resonator, kasayilensa kakang'ono, pakati. Mphamvu yomwe mungataye poyerekeza ndi paipi yopanda kanthu simungaimve nkomwe. Drone ikakanirabe pali J pipe, kapaipi kotseka kumapeto komwe timalumikiza mmbali, kutalika kwake timawerengera ndi ma rev omwe akusokosawo kuti phokoso likabwerera lizifafaniza linzake.

Chinanso ma raba opachikira aja. Paipi ikangokhudza chassis penapake olo pang'ono kebini yonse imanjenjemera nkumaona ngati ndi sayilensa yoipa pomwe ndi kapachikidwe.

Turbo_Fulu:
Ok za drone zo ndi zoona ilipo pa 1900 mpaka 2200, ine ndimangosintha giya. J pipe yo ingalowe pa paipi yomwe ilipo kale osachotsa zonse?

Wowotcherera_TIG:
Imalowa aise, timaboola mmbali nkuwotcherera. Koma kwa iwe ndikanayamba ndi kubwezera sayilensa ndi cat, mwina J pipe yo osafunikanso.

Madala_Makaniko:
Pali china chomwe eni funso ayenera kudziwa asanapite kogula. Turbo yanu ndi ya mtundu wanji? Pali za wastegate, zokhala ndi kavavu kolambalalitsa utsi wina, pali za VNT zomwe zili ndi timapiko tosuntha mkati, monga ya pa injini ya Toyota ya 1KD-FTV. Kompyuta inaphunzitsidwa kusuntha timapikoti poganiza kuti kumbuyo kuli ekizozi ya kufakitale. Mukapepula kumbuyo kwambiri, pa injini zina boost, mphamvu ya mpweya womwe turbo imakankhira mu injini, imadumpha kupyola pomwe ikufunika kompyuta isanaibweze, nde mumaona P0234, overboost, galimoto nkulowa limp mode muli pa chitunda ndi thirela. Pa za wastegate pena kabowo ka wastegate kamachepa boost nkumakwerabe yokha ma rev akakwera. Sizichitika pa galimoto iliyonse koma muyenera kuyang'anira. Nde ine munthu wokoka katundu ndimamuuza kuti aike mageji awiri, ya boost ndi ya EGT yoyeza kutentha kwa utsi. Sensa ya EGT ikhale pa manifodi turbo isanafike, chifukwa kuseri kwa turbo utsi umakhala utazizirako ndi madigiri oposa 100 nde geji imakunamizani kuti zili bwino. Pa manifodi mukaona ikukhazikika cha ku 700 kwa nthawi yaitali bwezani phazi, tsitsani giya ma rev akwere. Kukwera chitunda ndi giya yaikulu phazi lili pansi ndi komwe kumaphika injini.

Ndipo kubanika mukunenako musathamangire kunena kuti ndi ekizozi. Onani kaye air filter, fyuluta ya dizilo, mapaipi a intercooler ngati sakutaya mpweya, MAP sensa yoyeza kupanikizika kwa mpweya wolowa mu injini ngati sinamatidwe ndi mwaye, ndi intake ngati sinadzadze phala lakuda la EGR. Galimoto ya 2012 yomwe intake yake sinatsukidwepo ikhoza kubweza mphamvu yambiri pongoitsuka kuposa yomwe paipi ingakupatseni.

Pikapu_yaNtchito:
Ndi ya VNT madala, ili ndi kamota kamagetsi pambali. Intake sinatsegulidwepo chigulireni. Ndiyamba ndi zimenezo nde. Nanga kumangako ndingapange ndekha ngati ndagula kit yomangira mabawuti?

Mayi_waDoubleCab:
Mungathe koma osalowa pansi galimoto ili pa jeke yokha chonde, ikani ma stand, tsekerani matayala, ndipo injini ikhale yozizira

Wowotcherera_TIG:
Mungapange, povuta ndi pa turbo pokha. Ma stud a pamenepo apsa ndi kuzizira kwa zaka zoposa khumi nde amathyoka mosavuta, ndipo ikathyokera mkati mwa turbo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yochotsa turbo yonse. Thirani mafuta omasulira dzimbiri usiku wake, mmawa thiraninso, gwiritsani soketi ya makona 6 osati 12, ikakana musakakamize, itenthetseni nati yo kenako muziipititsa kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Gasiketi ikani yatsopano, manati atsopano, pakani copper grease pa mazinga. Flex isasowe, injini imagwedezeka pa ma mounting ake pomwe paipi yapachikidwa ku chassis, popanda flex kulemera konse kumathera pa turbo mpaka flange kung'aluka.

Pomanga yambani kutsogolo kupita kumbuyo koma osalimbitsa chilichonse mpaka zonse zitapachikidwa, kenako muziwongola. Siyani mpata wa zala ziwiri paliponse, chitsulo chikatentha chimatalika ndipo 304 imatalika kwambiri kuposa chitsulo wamba. Yang'anani mapaipi a mabuleki, waya wa handibuleki, mawaya a ABS, thanki ya mafuta, shock ndi tayala la sipeya, paipi yonenepa imayandikira zinthu zomwe yakale imazemba. Ma heat shield onse abwerere mmalo mwake, amatetezanso udzu wouma kuti usayake mukaima patchire. Ndipo poti inu mumanyamula zolemera, mpata wa pamwamba pa ekiselo muuyeze galimoto itasenza katundu, masipuling'i akaphwa ekiselo imakwera nkumenya paipi yomwe imaoneka kuti ili kutali galimoto ili yopanda kanthu.

Pakafunika kuwotcherera paipi ili pa galimoto chotsani kaye waya wa negative pa batire, ndipo earth ya makina imangidwe pafupi ndi pomwe akuwotcherapo.

Dalaivala_Usiku:
Nanga nsalu ija amakulunga pa paipi ija imathandiza?

Wowotcherera_TIG:
Imachepetsa kutentha pafupi ndi turbo ndi pansi pa mapazi a pasenjala, koma imasunga madzi ndi matope nde pa chitsulo wamba imafulumizitsa dzimbiri, ndipo ikanyowa ndi oilo ikhoza kuyaka. Ine ndimakonda heat shield yachitsulo yokhala ndi mpata. Mukamaliza kumanga lizani injini ikadali yozizira muyendetse dzanja pafupi ndi polumikiza paliponse osakhudza, mukamva kamphepo ndekuti pakutuluka, pa dizilo mudzaonanso kamzere kakuda ka mwaye pakapita masiku. Ikatentha nkuzizira kangapo bwererani pansi mukalimbitsenso ma clamp ndi manati a pa turbo, amakhala atamasukako.